Mutu 6: Mbande za Tahlia pa Dzuwa la Januwale

1. Bwalo lopanda kanthu

Nyumba yatsopano ya banja la a Noack inatha kumangidwa Khirisimasi itayandikira. Inali yokongola ndithu, koma inaima yokha pakati pa dothi lofiira ngati yangotsitsidwa pa lole. Moto wolusa umene unadutsa m'chigwa chathu cha Tarlinga chaka chapitacho unapsereza nyumba yakale, mpanda wa maluwa ndi mitengo yonse ya mthunzi. Panangotsala zitsa zakuda.

Tahlia Noack, mtsikana wa kusekondale, ankakhala m'nyumbamo ndi bambo ake, a Gavin, mlimi wa nkhosa. Mayi ake, a Leanne, anapita kumzinda wa Adelaide motowo utangozimitsidwa, ndipo anapeza ntchito m'sitolo ya mankhwala. Tsiku lotsanzikana anamuuza kuti, "Ndidzabwera pano pakadzaonekanso ngati pakhomo pa munthu."

Mawu amenewo Tahlia anawasunga.

Kuseri kwa shedi, pansi pa ukonde wa mthunzi, kunali mbande zambirimbiri m'timachubu takuda. Zinachokera kwa amayi a kutchalitchi amene ankagawira mabanja otenthedwa. Panali mithethe, tizitsamba ta maluwa ofiira timene mbalame zimakonda, ndi kamtengo kamodzi ka mandimu. Tahlia ankazithirira m'mawa uliwonse.

"Adadi, tibzala liti?" anafunsa tsiku lina akumwa tiyi. "Sukulu tatsekera, mpata ndili nawo."

"Epulo," anayankha a Gavin osadzutsa mutu.

"Mu Novembala munati tidikire nyumba ithe. Yatha. Lero mukuti Epulo. Nanga Epuloyo akafika mudzati chiyani?"

"Ndidzati tenga fosholo. Idya buledi wako, akuuma."

2. Mayi wa galimoto yoyera

Lachiwiri a Gavin ali kubusa, pakhomopo panaima galimoto yoyera. Munatuluka mayi wovala za kuofesi, nsapato zake zazitali zikumira m'fumbi. Sanagogode. Anangoyamba kuzungulira nyumba, uku akujambula ndi foni: khonde, denga, mathanki a madzi, mpaka msewu wolowera.

Tahlia anatuluka. "Tikuthandizeni?"

"Ayi, mwanawe, ndikungoona. Ndiwe Tahlia, eti?"

"Dzina langa mwalidziwa bwanji? Wakutumani ndani?"

"Akuluakulu akudziwa," anatero mayiyo akumwetulira. Kenako anamwaza maso pabwalo. "Mwachita bwino osabzala kanthu. Anthu ambiri amafuna kudzabzala zimene akonda eni ake."

"Anthu ake ati?"

Mayiyo anangoseka, nalowa m'galimoto yake, n'kusiya fumbi.

Masana Tahlia anafotokozera bambo ake zonse. A Gavin anasiya kutafuna. Anayang'ana pazenera kanthawi.

"Zisiye zimenezo," anatero.

"Mukumudziwa mayi ameneyo?"

"Ndati zisiye."

Anadzuka chakudya chisanathe, natenga foni, nalowa m'shedi. Chitseko cha shedi, chimene chinkakhala chotsegula chaka chonse, tsiku limenelo anachitseka. Tahlia anaima pafupi, koma anangomva kung'ung'udza kwa mawu otsika.

Anaimbira foni mnzake Jorja n'kumufotokozera zonse. Makolo a Jorja anagulitsa munda wawo moto utadutsa, n'kusamukira kutauni.

"Iwe mtsikana, dzuka!" anakuwa Jorja. "Kwathu zinayamba chimodzimodzi. Kubwera wojambula, kenako chikwangwani pageti, kenako lole ya katundu. Ine anandiuza makatoni atafika kale."

"Adadi sangachite zimenezo."

"Ndiye akukaniranji kubzala? Mbande muli nazo, manja muli nawo. Akudikira kuti iwe ubwerere kusukulu, iwo azisaina bwinobwino mapepala ogulitsira nyumba. Za Epulozo n'zokugoneka tulo."

Tahlia anadula foni osatsanzika.

3. Chenjezo la azakhali

Lachinayi kunabwera azakhali ake, a Narelle, alongo awo aakulu a a Gavin. Iwo ndi amene ankatsogolera gulu la ozimitsa moto ongodzipereka m'chigwa chathu, ndipo nyengo yotentha ankayendera makomo kuona ngati mapampu a madzi ozimitsira moto akugwira ntchito. Anapeza Tahlia akukhoma tizikhomo pabwalo, akumanga chingwe.

"Ukuyeza manda a yani?" anafunsa.

"Ndikuika mizere, anti. Ndikufuna kubzala."

A Narelle anavula chipewa, nakhala pa wilibala.

"Bwera kuno. Vula nsapato, ponda pansipo."

Tahlia anaponda, nalumpha nthawi yomweyo.

"Wapsa? Iwe uli ndi miyendo, wathawa. Mbande ilibe kothawira. Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Kuno sitibzala mu Januwale. Dothi ili lauma mpaka pansi, ndipo chipsereni ndi moto limakana madzi. Ukathira, amangoyenderera pamwamba ngati pa malata. Mizu ya mbande zakozo njofewa ngati tsitsi la khanda. Ukaichotsa pamthunzi n'kuikwirira m'ng'anjo iyi, mphepo ya kumpoto ikangowomba tsiku limodzi, madzulo utola nkhuni.

"Dikira mvula yoyamba, kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi. Nthawi imeneyo dzuwa lafooka, koma nthaka ikadali yofunda. Ukabzala pamenepo mtengo sutaya mphamvu kulimbana ndi kutentha. Umangotsitsa mizu. Miyezi yonse yozizira mvula imakuthiririra, iwe uli m'bulangeti. Pofika Januwale winayo mizu yafika pamene pali chinyezi, ndipo mtengo umadziimira wokha. Ine ndinabzalapo maluwa mu Disembala ndili mtsikana, pofuna kuonetsa apongozi kuti ndine wakhama. Pa Chaka Chatsopano anali atasanduka fodya.

"Chinanso, ndipo ichi usachiiwale. Mathanki awo ndi awiri. Yaing'onoyo ndi yakumwa ndi kusamba. Yaikuluyo si yanu, ndi ya moto. Tsiku limene utsi udzaoneke paphiri apo, madzi amenewo ndiwo adzanene ngati nyumba iyi ikhala kapena ipsanso. Mvula ya nzeru sigwa mpaka Epulo. Dontho limene wachotsamo lero silibwerera."

Tahlia anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anafunsa, "Anti, mayi wa galimoto yoyera uja ndi ndani?"

A Narelle anavala chipewa chawo. Anayang'ana kuthanki, osati kwa iye.

"Zimenezo ukafunse bambo ako."

"Ndiye kuti mukumudziwa."

"Ndati ukafunse bambo ako. Ine ndabwera kudzaona pampu."

Ananyamuka mofulumira kuposa mmene anakhalira. Tahlia anawayang'ana akupita. Tsopano anatsimikiza kuti akuluakulu onse anali atapangana, ndipo nkhani ya mizu ndi mvula inali yongomutseka pakamwa.

4. Loweruka

Loweruka a Gavin ananyamuka m'mamawa kukathandiza mnzawo kumanga mpanda wa waya kutsidya kwa mtsinje. Galimoto itangokhota pageti, Tahlia anatenga piki, fosholo ndi wilibala.

"Tione ngati wojambula uja akondwe," analankhula yekha. "Amami akabwera apeze pakhomo pobiriwira."

Nthaka inali ngati simenti. Piki inkadumpha, manja n'kuchita matuza. Maenje anatuluka osaya, koma iye sanasamale. Anasolola mbande m'timachubu, naziika m'mizere kuyambira pakhonde mpaka kugeti. Kamtengo ka mandimu anakabzala pansi pa zenera la kukhitchini, pamene kale panali mtengo wa mandimu umene unapsa ndi moto.

Pomaliza, dzuwa linali litakwera. Wailesi ya pakhonde inkachenjeza kuti tsikulo n'loopsa, munthu asayatse moto panja ngakhale wowotchera soseji. Mphepo inayamba kuwomba kuchokera kumpoto, yotentha ngati mpweya wa mu uvuni.

Tahlia anathirira ndi ndowa kuchokera pampopi wa kukhitchini. Madzi anayenderera pamwamba, monga momwe azakhali ake ananenera. Akamafika kumapeto kwa mzere, koyambirira kuja kunali kutauma. Timasamba tinayamba kugwetsa nkhope.

Anayang'ana thanki yaikulu. Anayang'ananso mbande.

"Pang'ono pokha," anatero.

Anakoka paipi yaikulu ya moto, natsegula. Madzi anatuluka mwamphamvu mpaka kukumba dothi. Anachepetsako, nagoneka paipi pamwamba pa mzere kuti madzi azitsika okha. Kenako anaisunthira pamzere wina, ndi winanso.

Chapamasana mutu unayamba kumuwawa, maso akuchita chizungulire. Analowa m'nyumba kuti amwe madzi ndi kupuma pang'ono pampando. Paipi anaisiya ikuthira.

Anadzidzimuka ndi kulira kwa matayala pabwalo.

5. Utsi paphiri

A Gavin anadumpha m'galimoto injini isanazime. "Tahlia! Tseka mazenera onse! Kwabuka moto kuseri kwa phiri!"

Anathamangira kuthanki yaikulu, koma anaima panjira. Mapazi awo anali m'matope. Kamtsinje kofiira kankatsika kuchokera pabwalo mpaka kumsewu, katanyamula mbande zina.

Anatseka madzi. Anagogoda thanki ndi nkhonya pamwamba: inalira ngati ng'oma. Anagogoda pakati: chimodzimodzi. Anatsika mpaka m'mawondo, m'pamene inayankha ngati muli kanthu.

Tahlia anaima pakhonde. Kuseri kwa phiri utsi wotuwa unkakwera, mphepo ikuuweramitsira kumbali yawo.

A Gavin sanakalipe. "Tenga chikwama chako ndi galu. Lowa m'galimoto. Ndi madzi awa sitingalimbane ndi moto. Motowo ukangodutsa phiri, tikuthawa."

Anakhala m'galimoto, itayang'ana kugeti, wailesi ikulankhula. Ndege yothira madzi inadutsa pamwamba pawo, n'kubwereranso. Tahlia ankayang'ana nyumba yatsopano ija pagalasi, akusisita galu pamsana.

Dzuwa litapendeka, mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera kunyanja. Utsi unachepa. Foni inalira, ndipo a Gavin anaitsegula kuti onse amve. Anali a Narelle, mawu atasasa.

"Taugwira pamsewu wa miyala. Watentha msipu wokha. Kwanuko zili bwanji? Pampu inayaka?"

"Pampu ili bwino," anayankha a Gavin. "Thanki ndiye ilibe madzi. Ndikufotokozerani mawa, achemwali."

Kenako a Narelle anati, "Mwanayo ali pompo? Tahlia, lero wapulumuka chifukwa cha mphepo, osati chifukwa cha nzeru zako. Anzanga ena pano apsa manja poteteza makomo a m'chigwa chino, lanu lomwe. Ukadzawaona, udzawapatse moni wa ulemu."

Foni inaduka.

6. Zimene a Gavin ankabisa

Anatsika m'galimoto. A Gavin anayenda m'mizere ija. Mbande zambiri zinali zitagona, masamba atapota ngati pepala lopsa. Zina zinamira m'matope.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa.

Misozi imene Tahlia anaigwira tsiku lonse inatuluka pamodzi ndi mawu.

"Chifukwa mukufuna kugulitsa nyumba! Mukuyesa sindikudziwa? Mayi uja anati ndi bwino pabwalo pakhale popanda kanthu. Inu mumatseka shedi poimba foni. Anti akuthawa funso langa. Nonse mukungoti Epulo, Epulo, kuti ndikhale chete mpaka chikwangwani chifike pageti!"

A Gavin anakhala pansi pamasitepe a khonde. Anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Khala apa," anatero. Tahlia anakhala chapatali.

"Mayi uja ndi wogulitsa nyumba, zimenezo sunalakwitse. Koma sindinamuitane ine. Anatumidwa ndi mayi ako."

"Mukunama."

"Ndikanakonda ndikananama. Nyumba ino ndi ya tonse awiri, ine ndi iwo. Mayi ako chiwaonereni moto uja sagona bwino. Akamva fungo la utsi, ngakhale wa buledi wopserera, amanjenjemera. Akuti sangakhalenso kuno, ndipo akufuna tigulitse. Ine ndikukana. M'shedi muja ndimakangana nawo, ndipo ndimatseka chitseko kuti iwe usamve makolo ako akukokanakokana. Azakhali ako ndinawapempha ndine kuti asakuuze. Sindinkafuna uyambe kudana ndi mayi ako chifukwa cha mantha amene sanawasankhe.

"Tsono za Epulo. Mwana wanga, ndikanakhala wogulitsa, bwenzi nditabzala kale mu Disembala, n'kuthira madzi usana wonse kuti pazithunzi paoneke pobiriwira. Zikafa pambuyo pake, n'za wogulayo. Ndimadikira mvula chifukwa ndimafuna mitengo imene idzakhalepo iwe uli ndi ana ako. Ukanandifunsa maso ndi maso kuti, Adadi, kodi mukugulitsa, ndikanakuyankha."

"Ndinakufunsani za mayi uja. Munati ndizisiye."

A Gavin anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Zoona. Pamenepo ndinalakwa ndine. Ndinakusiya uzilumikiza wekha nkhani, ndipo unalumikiza mokhota. Koma thanki ija unatsegula ndiwe, utachenjezedwa. Lero tikanataya nyumba yachiwiri."

Tahlia anabisa nkhope m'mawondo. "Pepani, Adadi."

"Ndamva. Mawa upita wekha kwa azakhali ako ukanene mawu omwewo. Lolemba ndiitanitsa lole ya madzi, ndipo tchuthi chako chonse uthera kukhola la nkhosa, osati pafoni ndi Jorja. Tsopano dzuka. Zina zikadali ndi moyo."

Anatenga wilibala ndi timachubu tija. Anayenda mzere ndi mzere, a Gavin akukanda khungwa ndi chikhadabo. Mbande ikaoneka yobiriwira mkati, ankaizula ndi dothi lake n'kuibwezera m'chubu. Ikakhala youma, ankaiponya pambali. Mulu wa zoumazo unakula msanga kuposa za m'wilibala. Kamtengo ka mandimu kanali katayoyola masamba, koma a Gavin anati akayese pamthunzi.

7. Mlendo wa madzulo

Akukankha wilibala yomaliza, galu anauwa n'kuthamangira kugeti, mchira ukugwedezeka. Kagalimoto kabuluu kanalowa pang'onopang'ono, kakuzemba matope.

"Amami!" anakuwa Tahlia.

A Leanne anatuluka, nkhope itatuwa. Anamukumbatira mwamphamvu osasamala matope a pamalaya ake.

"Ndinamva pawailesi kuti Tarlinga ikuyakanso. Ndinangotseka kabati kuntchito n'kuliyatsa liwiro la kuno. Uli bwino? Sunapse?"

"Ndili bwino, Amami. Moto sunafike."

"Lero sunafike," anatero a Leanne. Anayang'ana maenje, matope ndi mulu wa mbande zouma, kenako anayang'ana amuna awo. A Gavin anangoima, fosholo ili m'manja.

Tahlia akadali m'manja mwa mayi ake, maso ake anagwera pampando wa kumbuyo kwa galimoto. Panali makatoni opindapinda, atsopano, atasanjikizana mpaka pazenera. Pamwamba pake panali juzi ya yunifolomu ya sukulu imene iye sankaidziwa.

Anadzimasula pang'onopang'ono.

"Amami, makatoniwo ndi a chiyani? Nanga juziyo ndi ya ndani?"

A Leanne anatembenukira kwa a Gavin. "Simunamuuze?"

"Za nyumba ndamuuza," anayankha a Gavin motsitsa mawu. "Zinazo ndimati munene nokha."

A Leanne anatsegula chitseko cha kumbuyo, natulutsa juzi ija, naiyeza pamapewa a mwana wawo.

"Yakukwana," anatero. "Kasambe, Tahlia. Ukatuluka tikhale pansi tonse atatu. Ine ndibwerera ku Adelaide mawa masana, ndipo sindikufuna kubwerera ndekha."